Madzi a pamaliro, chimanga cha m'dimba

Kwathu ndi cha ku Namitete. Kuno kufupi ndi Nsaru ndinabwera kudzakwatira, ndine mkamwini. Nditangofika, apongozi anga aakazi anatipatsa dimba kumunsi kwa mudzi, ndipo chitsime choyamba ndinachikumba ndi khasu lokha. Madzi anandipeza dzenje lisanandifike m'chiuno. Nthawi imeneyo dambo linali dambo. M'mbali mwa mfuleni munali bango ndi mitengo ya katope, ana ankagwiramo nkhanu, ng'ombe ikalowa pakati inkatitimira mpaka m'mimba.

Zinthu zinatha pang'onopang'ono, tonse tikuona. Zipani zitachuluka aliyense analoledwa kulima fodya, aliyense anafuna chigafa, ndipo chigafa chimadya mitengo. Ena anayamba kuumba njerwa, mauvuni nkudya mitengo yotsalayo. Madimba anakwera mpaka kumutu kwa dambo, kumene makolo sankalola khasu. Palibe amene ankafuna kuwononga. Aliyense ankafuna kudyetsa ana ake.

Ine kusinthako ndinkakuonera pa chingwe cha ndowa. Chaka ndi chaka ndinkakumba pansi pa chitsime, chingwe nkuperewera, nkulumikiza china. Panali chidutswa cha luzi, cha mphira wa tayala, cha chitenje chakale, cha neti yong'ambika. Mfundo zake zinkandidya m'manja.

Chaka chimene ndikunenachi mvula inadula chimanga chakumunda chikungoyamba kubereka. Tinakolola zosadzadza ngolo. Akazi anga atatonola anayang'ana matumbawo, kenako anayang'ana ana athu anayi amene ankasewera pabwalo.

"Bambo, ichi sitifika nacho Khirisimasi," anatero. "Ngakhale tizidya kamodzi."

Ndiye chiyembekezo chonse chinatsala m'dimba. Tinasiya tomato ndi mpiru, tinadzala chimanga chokhachokha kuzizira kutangotha. Tinkati chikacha cha mu Disembala chidzatiolotsa miyezi ya njala mpaka chakumunda chitayamba kudyedwa. Dimbalo likanakanika, panalibe kwina kogwira.

Chinamera bwino. Ndinkathirira ndi keni, madzulo dzuwa litapepa.

Kutentha kutafika, mjigo wa m'mudzi unayamba kutsokomola. Munthu ankapopa mpaka mapewa kuwawa, nkutuluka timadzi tofiira, kenako mpweya wokha. Zitsime za madimba akumtunda zinauma chimodzichimodzi. Chathu, poti chili kumunsi kwenikweni ndipo ndinali nditachizamitsa, chinkatulutsabe madzi, ngakhale mochedwa. Ukatunga chinkaphwa, ukachisiya theka la tsiku madzi ankabwereranso ofika m'mawondo.

Amayi a m'mudzi anayamba kutsetsereka ndi ndowa. Amene ankatsogolera anali msuweni wa akazi anga, mayi wamkamwa mosauma, amene wakhala akundiseka kuyambira tsiku limene ndinalowa m'mudzi muno.

"Odi kuchitsime kuno, alamu!"

"Fikani."

"Nanga nkhopeyo? Mukutiyang'ana ngati tabwera kudzaba nkhuku. Madziwa ndi a Mulungu, eti?"

"Ndi a Mulungu ndithu. Koma dzenjeli ndinakumba ndine."

"Nanga tinakutengerani chiyani ku Namitete? Kuti muzitiwerengera nyuzi? Mkamwini ntchito yake ndi imeneyo. Tapatukani titunge, ana sanamwe."

Anzake anaseka, inenso ndinaseka. Kuno munthu ukhoza kumumana mchere, ukhoza kumumana moto wa fodya, koma madzi samanana. Womana madzi dzina lake limatsala mpaka kwa zidzukulu. Ndinapatuka. Ndowa iliyonse ikamakwera mtunda pamutu pa munthu, ndinkaona mzere umodzi wa chimanga ukupita.

Tinagwirizana kuti iwo azitunga m'mawa, ine ndizitenga madzi amene abwerera masana. Sankakwana. Ndinasiya keni, ndinayamba kuthirira ndi chikho, phando lililonse chikho chimodzi patsinde penipeni, nkuphimbirapo udzu kuti dzuwa lisamwe. Kunyumba madzi sankatayidwanso pansi. Otsukira mbale, oviikira mphale, otsukuluzira zovala, onse ankalowa m'chigubu, ine nkupita nacho kudimba pa njinga. Ana ankasambira m'dimba momwemo, ataima pakati pa mizere, kuti madzi ochoka m'thupi agwere pamizu. Sopo tinamusiya. Wamng'ono, mtsikana, ankasankha yekha phesi loti asambirepo, nkumati ndi chimanga chake.

Mwanjira imeneyo chinakula. Sichinali chokongola, koma chinaima. Okutobala ali pakati, ngayaye zinayamba kutuluka pamwamba, ndevu nkumasuzumira m'mbali. Aliyense amene analimapo amadziwa kuti chimanga chikhoza kupirira ludzu chili chaching'ono, koma osati masiku amenewa. Ngayaye ikauma isanagwetse ufa wake pa ndevu, ukolola zitsononkho zopanda kanthu.

Ndi masiku omwewo pamene malume a akazi anga anamwalira.

Anali munthu wamkulu, mwini mbumba ndi dothi lonse la banjalo, yemwe anandilandira ndikudzafunsira mbeta. Sanandinyozepo. Anadwala pang'ono, m'mawa wina tinangomva kulira. Uthenga unapita ku Kabudula, ku Nambuma, ku Mpingu, ndipo anthu anayamba kufika pa njinga, pa ngolo, ena pa lole. Mwana wawo wamkulu ankagwira ntchito kutali kumpoto, ndipo akuluakulu anati sitingaike maliro mwanayo asanafike. Tinadikira.

Mwambo wake ndi wodziwika. Maliro ali m'nyumba, khasu silikhudza munda, keni siyenda m'dimba. Makamaka mkamwini. Ine ntchito yanga inali kuwaza nkhuni, kunyamula mabenchi kutchalitchi, kulandira alendo. Ndipo anthu onsewo ankafuna madzi: ophikira, akumwa, osamba m'manja, osambitsira thupi. Chitsime m'mudzi monse chinali chimodzi. Ndili ndi nkhwangwa m'manja ndinkaona mzere wa amayi ukutsika ndi ndowa zopanda kanthu, nkukwera nazo zodzadza, m'mawa, masana, madzulo, osapatsa chitsime nthawi yopuma.

Tsiku lachiwiri ndinawakokera akazi anga kuseri kwa nkhokwe. Maso awo anali atatupa, mpango uli m'chiuno.

"Amayi, ndowa ziwiri zokha. Ndingodontheza pa mizere yakumunsi. Ndibwera anthu asanazindikire."

"Asanazindikire ndani? Njira yakudimba yadzadza anthu."

"Ngayaye zatuluka."

"Ndikudziwa. Ndinadzala nanu."

"Nanga ana adzadya mwambo?"

Anatembenukira kumene kunkachokera nyimbo. Amayi amvano ankaimba kusiwa, kunyumba ya malirowo.

"Akakuonani ndi keni malume ali gone m'nyumba, adzati mkamwini uja chimanga chake chinaposa munthu amene anamupatsa malo. Adzanena mpaka ana athu adzakwatire. Chitsimecho chili pa dothi la malumewo, Bambo. Ine ndinene chiyani? Ndiuzeni, ndinene chiyani?"

Analira. Ndinadziwa kuti sakulira malume okha. Sindinapite.

Chinthu chimodzi akazi angawo anachita. Anagubuduza mgolo wathu wakale nkuuimika kuseri kwa khitchini, ndipo beseni lililonse limene anthu asambiramo m'manja, m'malo molikhuthulira pansi, ankalinyamula okha nkukathira mumgolomo. Anthu ankangoti ndi mayi waukhondo.

M'mawa wa tsiku loika, adzukulu, amene amakumba manda, anatumiza mmodzi wa iwo. Adzukulu pamaliro amalankhula zimene afuna, palibe amawakwiyira. Anandipeza pa nkhuni, thupi lake lonse fumbi.

"Akamwini, nthaka yatikana. Piki ikungodumpha ngati yamenya chitsulo. Tumizani madzi tifewetse."

"Madzi ochuluka bwanji?"

"Mukufunsa ngati mugulitsa. Ochuluka! Kapena tiwakhazike pamtunda nganganga aziona mudzi wawo? Mukawauze nokha anamfedwa."

Amuna amene anali pafupi anaseka chamumtima. Ndinatenga zigubu, ndinazimanga pa njinga, ndinatsika ndekha. Aka kanali koyamba kuona dimba chiyambire maliro. Sindinaime. Ndinangoona chakumbali kuti masamba apotana ngati a anyezi. Chingwe sichinathandize, madzi anali ochepa moti ndowa sinkamira. Ndinalowa m'chitsime, ndinakokota ndi chikho chomwe ndinkathirira chija, mpaka zigubu zinadzadza madzi amatope. Ndinadutsa nazo pakati pa chimanga changa, masamba ouma akundikwapula m'mikono, nkukwera nazo kumanda. Ndinaima pamenepo nkuona adzukulu akukhuthulira madziwo m'dzenje. Nthaka inawamwa nthawi yomweyo. Anati ndikatengenso. Ndinapitanso.

Tinaika bwino. Abusa analalikira, mwana wa malemu anathokoza mudzi wonse chifukwa cha chisamaliro. Pochoka kumanda anthu anasamba, makasu anatsukidwa. M'mawa mwake kunali kusesa, alendo anadya, anabalalika.

Apo ndiye ndinatsika ndi keni poyera. Pansi pa chitsime panali matope okhaokha, mbali imodzi itagumukira mkati chifukwa cha mapazi a anthu amene ankalowamo. Ngayaye zambiri zinali zitayera, zouma. Ndinagwedeza phesi limodzi, palibe chinagwa.

Tinali ndi mgolo uja. Madzi ake anali otuwa, amafuta, akununkha utsi ndi nyemba. Tinawanyamula ndi akazi anga m'zigubu. Sakanakwana dimba lonse. Ndinayenda mzere ndi mzere, kugwira ndevu, kuyang'ana ngayaye imene ikadali ndi moyo. Ndinasankha mizere yochepa yakumunsi, kumene chinyontho chimachedwa kuchoka. Phesi la mwana wathu wamng'ono linali kumtunda. Ndinalidutsa. Zotsalazo tinadula nkupatsa mbuzi za apongozi.

Masiku otsatira ndinakonza chitsime, ndinachikumbanso, ndinalumikiza chingwe china. Amayi anapitiriza kubwera, chifukwa madzi a pamjigo anali asanabwerere. Msuweni uja anafika, anayang'ana ziputu zimene zinatsala, ndipo sanandiseke.

"Alamu," anatero, "pepani."

Anatunga theka la ndowa, napita.

Mizere ija inabereka. Tinkati tikasenda, tinkapeza njere apo ndi apo ngati mano a nkhalamba. Tinadya zina zaziwisi, zina tinaumitsa nkukagayitsa. Chaka chatsopano chisanalowe zinali zitatha.

Za miyezi yotsatirayo sindikonda kunena zambiri. Tinkapita kukapalira m'minda ya eni fodya kuti atipatse madeya, munda wathu ukumera udzu. Tinadya mango osapsa owiritsa, tinadya nthochi zanthete ndi mizu yake yomwe. Ana anasiya kupita kusukulu, kenako anasiya kusewera. Wamng'ono uja anatupa mapazi, tsitsi nkusanduka lofiirira. Ndinamukweza pa njinga, amayi ake atamufungata kumbuyo, mpaka kuchipatala cha mishoni ku Namitete. Anakhalako nthawi. Anachira, koma sanakulenso ngati anzake. Lero ndi mayi, ali ndi ana ake, ndipo akaima ndi azikulu ake amaoneka ngati sanabadwe mimba imodzi.

Ndakhala ndikuganizira masiku amenewo kwa zaka zambiri. Ndinapita kusekondale, ndimadziwa kuti si maliro amene anaumitsa dambo. Linauma kalekale, ndi nkhwangwa zathu ndi makasu athu. Makolo poika mwambo uja madzi anali paliponse, ndipo chimanga cha m'dimba chinali chongootcha ana. Sankadziwa kuti lidzafika tsiku loti madzi ofewetsera manda ndi madzi othirira chakudya adzatungidwe m'dzenje limodzi. Komabe ndikafunsidwa kuti ndikanachita chiyani, sindidziwa. Ndikanathirira, mwina mwana sakanatupa. Ndikanathirira, mwina sindikanakhalanso m'mudzi muno.

Panopa chitsime chija ndi chakuya moti amuna awiri ataimirirana pamapewa, wapamwambayo mutu wake sungaoneke. Mjigo anaukonza, koma kukatentha umayambanso kutsokomola. Tinayesa kudzala mitengo kumutu kwa dambo. Ina inadyedwa ndi mbuzi, ina ilipo, ndi yaifupi. Kumtunda kuli anyamata amene anagula injini yopopera madzi, amathirira tomato wogulitsa ku Nsaru, ndipo ikalira m'mawa madzi athu amachedwa kubwera. Sindingawaletse. Nawonso ali ndi ana.

Chaka chino chakumunda sichinachitenso bwino. M'dimba muli chimanga, chafika m'chiuno, ngayaye sizichedwa. Apongozi anga aakazi, amene anatipatsa dimbalo, ali gone, phala akumwa ndi supuni. Ine ndi akazi anga sitinakambirane kanthu. Dzulo pobwera kothirira ndinapeza atatsuka mgolo uja, atamata pobooka ndi phula, ataugubuduza nkuuimika kuseri kwa khitchini.