A Yakub ndi Bokosi la Veronika

Amuna anga, a Yakub, anayamba kuzinga ng'ombe pa Kamwendo ali mnyamata wopanda ndevu. Ntchitoyo anawaphunzitsa ndi amalume awo. Pa tsiku la msika mabutchala onse, Akhristu ndi Asilamu omwe, ankadikira mpeni wawo, chifukwa nyama yozinga a Yakub aliyense ankagula osafunsa. Lero amamata matayala a njinga za kabaza, ndipo ine Sofia, mkazi wawo, ndikumudziwa amene anawafikitsa pamenepo. Dzina lake ndi Veronika. Sindinamukhululukire, ndipo musavutike kundinyengerera.

A Yakub si munthu wophweka kukhala naye. Kuseka amachita kuumira, ndipo nkhani ya chakudya amaitenga ngati mlandu. Mwana wathu Abbasi akasiya mnofu pafupa, fupalo limamubwerera m'mbale. Mpunga ukatayikira pansi amautola kamodzikamodzi, anthu akuona. Amati nyama imene waitchulira dzina la Mulungu usanaiphe suyenera kutayapo ngakhale kachidutswa, chifukwa unapempha chilolezo choti udye, osati choti useweretse. Mawu amenewa ndawamva kuyambira ndili mtsikana mpaka anandikwana.

Veronika kwawo ndi ku Chiosya. Sukulu inamuyanja, ndipo ankagwira ntchito ya kafukufuku mu labu ina ku Lilongwe. Anatulukira m'mawa wina kozingira ng'ombe atanyamula bokosi la ayisi, nsapato zili mbee ngati akupita ku ukwati. Ankafuna mtima wa ng'ombe, koma ukadali wotentha. Anati m'tauni ankamupatsa mitima yokhalitsa, zimene iye ankafunamo zitawonongeka kale.

"Mukaphikira odwala?" anafunsa a Yakub.

"Ayi bambo," anatero Veronika. "Mu mnofu wa mtima muli mapuloteni amene amapangira thupi mphamvu. Amakhala atamatirira m'kachikopa ka mafuta, kakang'ono koti maso sangakaone. Ndiye timasungunula mafutawo ndi sopo wapadera, wosaukali, kuti mapuloteniwo atuluke osawonongeka, tiwaphunzire. Tikawamvetsa, mwina mankhwala ena adzapezeka."

Amuna anga anangomva za mankhwalazo, basi nkhani inatha. Kuyambira pamenepo, tsiku limene Veronika wabwera, ng'ombe ikangotumbulidwa ankayamba ndi kuchotsa mtima, kulankhula ndi mwini ng'ombe, n'kuuika m'bokosimo. Mtsikanayo ankathamangira minibasi osatsanzika n'komwe.

Koma mitimayo inali ndi mwini wake kale. Jobson, wokazinga kanyenya pa siteji, ndiye ankaitenga, ndipo madalaivala a mathiraki opita ku bodala ankaima pa chiwaya chake chifukwa cha mtima wothira tsabola. Atayamba kumudutsa, Jobson anatsegula pakamwa. Poyamba zinali ngati nthabwala: mkazi wanji wosakwatiwa amene amasonkhanitsa mitima? Kenako zinakula. Akuti bokosilo silipita ku Lilongwe koma ku Zambia. Akuti mtima wa ng'ombe ndi wongophimbira, pansi pa ayisiyo pali ziwalo zina. Akuti Veronika akukhwima, ndipo womupezera zizimba ndi a Yakub. Anthu a pano bodza loti lili ndi magazi salitafuna, amangomeza.

Ine ndinawauza kuti amusiye. Anandiyankha kuti sangataye mwana wa munthu chifukwa cha pakamwa pa Jobson. Mabutchala atayamba kuwapatsa moni wa kumbali, a shehe anawalangiza kuti akaone okha ndi maso. Anapitadi ku Lilongwe, limodzi ndi Veronika, bokosi atalifungatira pamiyendo.

Anabwera madzulo nkhope ili ndwii, chakudya osachikhudza.

"Kulibe ufiti kumeneko, amayi a Abbasi," anatero. "Kuli choipa china."

Anafotokoza zonse. Veronika anasenga mafuta ndi mitsempha n'kuika pambali. Mnofu anaupera m'makina mpaka kukhala phala. Phalalo analizungulitsa m'makina ena, m'chipinda chozizira ngati filiji, n'kumataya, kuzungulitsanso n'kumataya, mpaka panatsala timatope tofiirira. M'timatopemo ndi m'mene anathira sopo uja, dontho ndi dontho, mpaka tinasanduka madzi owala. Zimene ankafunazo sizikanadzaza ndi sipuni yomwe. Zotsala zonse zinalowa m'thumba lachikasu, zokawotcha.

"Mtima wonse, woti banja likanadya n'kunyambita zala," anatero a Yakub. "Ndinamufunsa ngati sangapatseko alonda mafuta aja. Anaseka, akuti cholowa mu labu sichidyedwa. Akutinso sopo akachuluka pang'ono mapuloteniwo amawonongeka, amataya zonse n'kubwera kudzatenga wina. Ndiye ine ndakhala ndikutchula dzina la Mulungu pa nyama yokaponya pamoto. Sindimupatsanso."

Kunena zoona ndinasangalala. Ndinawauza kuti amuimbire foni, koma iwo anati munthu samukanira pa foni, adzamuuza maso ndi maso. Liuma lawo limenelo.

Nkhani yoti a Yakub abwera ku Lilongwe atakwiya inafika pa siteji iwo asanavule nsapato. Tsiku la msika lotsatira, kozingirako kunali anthu ambiri kuposa ogula nyama. Ine ndinapita ndi beseni langa la zitumbuwa, ndipo ndinaona ndekha. Anyamata a kabaza anali atatsamira njinga zawo, ena miyala ili m'manja. Wina anali ndi botolo la petulo, uja amagulitsa m'mbali mwa msewu. Veronika anafika ngati masiku onse, n'kugwada kutsegula bokosi lake, osayang'ana ndi kumbali komwe. Maphunziro onse aja, koma kuwerenga nkhope za anthu akwawo kunamukanika.

A Yakub anali ataimirira, mtima uli m'manja, ukutuluka nthunzi.

"Mukanizeni, a Yakub," anatero Jobson, mosakweza mawu. "Inu mwaona zimene amachita. Ingomukanizani, zinazo timaliza ife."

Apo m'pamene Veronika anadzutsa mutu. Anayang'ana miyala, anayang'ana botolo. Ine ndinayang'ana amuna anga, ndipo ndinadziwa zimene ankaganiza. Akangoti ayi, palibe amene akanadikira kumva chifukwa chake. Komabe mumtima ndinkawapempha kuti akane, Veronikayo atisiye tidye. Ndikunena poyera, ndinkafuna akane.

Anawerama n'kuika mtimawo m'bokosi. Anaukwirira ndi ayisi mosafulumira, anatseka, n'kulinyamula okha.

"Mwanayu si mfiti," anatero. "Ndi wosakaza chakudya chabe. Tapatukani."

Anamuika patsogolo, iwo pambuyo, mpeni ukadali m'chiuno ndi magazi ake. Anthu anapatuka, koma zotukwana zinawaperekeza mpaka pamsewu. Mwala umodzi unawapeza paphewa, sanacheuke. Minibasi itaima anamukweza, kumupatsira bokosi pawindo, n'kumuuza kuti, "Usadzabwerenso kuno, mwana wanga."

Sanabwerenso. Iye zake zinayenda. Tikumva kuti mitima anakaipeza kwina m'tauni momwemo, kafukufuku anamaliza, ndipo amayi ake ku Chiosya amauza aliyense kuti mwana wawo ali kunja. Ndiye kuti njira ina inalipo, koma anasankha kudzatiwotchera ife. Moni, ngakhale wotumiza pa munthu, sitinaulandire.

Msika wotsatira a Yakub analawirira ngati kale, mpeni atanola. Anapeza mabutchala aitanitsa wozinga wina kuchokera ku boma. Palibe anawathamangitsa, palibenso anawalankhula. Anaima pambali mpaka ng'ombe yomaliza inagwa, n'kubwerera kunyumba. Jobson mitima yake anaipezanso, ndipo akamadutsa pakhomo pathu amapereka moni mokweza.

Tsiku lina tikudya ndiwo za masamba, mkwiyo unandikwera. Ndinawafunsa kuti anapindulanji potayira ntchito ya amalume awo munthu amene iwo omwe ankanyansidwa ndi zochita zake.

"Mawu amodzi okha, abambo a Abbasi. Mukanangoti ayi."

Anamaliza kutafuna kaye, monga mwa chizolowezi chawo.

"Ndikanati ayi, bwenzi lero ndikuzingabe ng'ombe," anatero. "Koma tsiku limene lija ndikanazinga mwana wa munthu."