Mwana Wanga ndi Tenisi Yake

Boma litanditumiza kukaphunzitsa ku Mzimba kuchoka kwathu ku Dedza, mwana wanga wamkazi anali akadali ku pulayimale. Ine ndinkafuna adzakhale namwino. Koma sisitere wina wokalamba wa kumishoni anamupatsa raketi yakale, chomenyera mpira wa tenisi chija chooneka ngati sefa, ndipo mtendere wanga unathera pomwepo.

Khoma la nyumba ndilo linayamba kuzunzika. Phu! Phu! ndisanapite kuntchito. Phu! Phu! ndikaweruka mutu ukuwawa. Magalasi a mawindo anatha. Nyumbayo inali ya sukulu, ndiye woitanidwa ku ofesi ya ahedi ndinali ine.

Bwalo lenileni la tenisi linali kuseri kwa mishoni, simenti yake yong'aluka, ndipo amayi apafupi ankayanikapo ufa. Mwanayo akafika ankangokokera mphasa za anthu pambali n'kuyamba zake. Tsiku lina mayi wina anandipeza pakhomo atakwiya.

"Amadamu, mwana wanu uyu akutisuzga chomene. Ufa wanga mbuzi zadya. Mbwenu tidya mpira?"

"Phepani chomene, mukhululukireni," ndinatero ndi Chitumbuka changa chothyokathyoka. Nditamukalipira mwanayo, anangondiyankha kuti, "Amayi, koma bwalolo si loyanikapo ufa." Ankanena zoona, ndipo n'zimene zinandipsetsa mtima kwambiri.

Ali ku sekondale anayamba kupambana mipikisano. Anamutengera ku Lilongwe, kenako ku Blantyre, kenako kunja, mpaka tenisiyo inasanduka ntchito yake. Ankandiimbira foni atafika kale kumene akupitako. Kutchalitchi amayi anzanga ankandifunsa kuti mwana akugwira kuti.

"Amasewera tenisi."

"Eya, tamva. Koma ntchito yake ndi yotani?"

Akabwera kutchuthi sindinkapumanso. Mandasi anga ankakana, ati mafuta achuluka. Ankathamanga msewu wa ku Manyamula atavala kabudula wamfupi, akuluakulu ampingo n'kumabwera kudzandilangiza ine, ngati kuti wovala kabudulayo ndine. Ndinamusoketsa diresi kwa telala wa mumsika, telalayo n'kudandaula kuti mkono wamanja wa mwanayo ndi waukulu kuposa wamanzere, wamuonongetsa nsalu.

Chaka china anandiitana kuti ndikaonere masewero omaliza a mpikisano waukulu ku Lilongwe. Ndinavala chitenje chatsopano, n'kukakwera basi pa Jenda. Kawerengedwe ka zigoli sindinakamve. Akamenya bwino kamodzi akuti fifitini, kawiri akuti sate. Ine mphunzitsi wa masamu ndinangogwira pakamwa. Koma kuti mwana wanga akumupanikiza mnzakeyo ndinkaona ndi maso anga.

Atathamangira mpira wina umene aliyense ankayesa kuti wamupitirira n'kuubweza, ndinaimirira n'kuliza nthungululu. Bwalo lonse linacheuka. Mpira unali usanathe. Bambo woyimbira, amene anakhala pa mpando wautali ngati nsanja, analankhula pa chimkuzamawu kuti tikhale chete. Mwana wanga anandiyang'ana ndi diso limene ine ndinkamuyang'ana nalo ali wamng'ono.

Ndinakhala pansi thukuta lili kamukamu. Masewero amtundu wanji oti mayi wobereka aziombera m'manja mwaulemu ngati ali pa msonkhano wa makolo? Mpaka kumapeto ndinaluma nsonga ya chitenje kuti mawu asatuluke.

Anapambana. Atalandira chikho anabwera molunjika kwa ine, anthu ojambula akumutsatira. Ndinatambasula manja.

"Amayi, munatsala pang'ono kundiluzitsa," anandinong'oneza akundikumbatira.

"Ndiye unandiitaniranji?"

"Ndimafuna muone."

"Kuona ndimaonera maso okha ine?"

Anaseka, n'kundisenzetsa chikhocho kuti ndipite nacho kunyumba, chifukwa iye anali ndi ulendo wina wakunja. M'basi kondakitala ankafuna chiikidwe ku katundu, pamodzi ndi matumba a mbatata. Ndinakana. Ndinachifungatira pamiyendo njira yonse, chikundibaya m'mimba basi ikagunda dzenje. Pa Jenda mayi wina wogulitsa tomato anasuzumira pawindo n'kufunsa ngati ndi cha mgonero kutchalitchi. Ndinali nditatopa, ndinangoti eya.

Patapita zaka zingapo bondo linamukana. Madokotala anamuchita opaleshoni, n'kumuuza kuti mipikisano aiwale. Anabwera kunyumba akuyendera ndodo, ndipo kwa masabata angapo sankafuna kulankhula ndi munthu. Apo ndinamumvera chisoni, ndinkamuthowa bondolo ndi madzi ofunda. Mumtima ndinati mwina tsopano akhala pansi, tizicheza ngati anthu.

Ndinadzinamiza. Bondo litangoyamba kupindika ananyamuka kupita ku Mzuzu kukaphunzitsa atsikana tenisi. Masiku ano akandiimbira amakhala akudandaula kuti anawo ndi amakani, samva zimene akuwauza. Ine ndimangomvetsera, kenako ndimamufunsa ngati wadya.