Diso la Alamu Anga Linaulula za Msana

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, ndi mmisiri wolemba zikwangwani. Mukaona dzina la sitolo lolembedwa ndi penti wofiira, zilembo zake zonenepa ngati zimadya bwino, dziwani kuti padutsa dzanja lawo. Anthu a mumsewu wathu amawatcha Ansungwi, chifukwa amayenda ali chilili, ndipo mukawaitana chakumbuyo sacheuka ndi khosi lokha. Amatembenuka thupi lonse ngati chitseko.

Ine ndine telala, ndipo kashopu kanga n'kogundizana ndi kawo, choncho mavuto awo ndimawadziwa kuposa anga omwe. Msana unayamba kuwavuta asanakwatire n'komwe. M'mawa uliwonse ankadzuka ali gwa, kuvala masokosi inali nkhondo. Koma akangokwera makwerero n'kuyamba kupenta, thupi linkamasuka, mluzu n'kuyambika.

"Matenda anji okana bedi?" ankatero achemwali. "Anzanu akadwala amagona, inu mukadwala mumafuna makwerero."

Anasintha matiresi kawiri, anayesa kugona pansi, kenako anangoti basi, ndi mmene anabadwira.

Tsiku lina akulemba chikwangwani cha wosoka nsapato, diso lakumanzere linafiira n'kuyamba kupweteka. Anaganiza kuti mwagwera penti. Anatsuka ndi madzi, koma dzuwa likawala ankamva ngati wina akuwabaya ndi singano yanga. M'mawa mwake anafika atavala magalasi akuda a akazi awo, aja okhala ndi timaluwa m'mbali. Ndinaseka mpaka ndinasoka kukamwa kwa thumba la buluku la kasitomala, n'kulitseka.

Tsiku lachitatu kuseka kunatha. Diso linachita nkhungu, ndipo pokopera mawu papepala, m'malo mwa TIMAKONZA NSAPATO analemba TIMAKONDA NSAPATO. Mwini wake anati zisiyeni, n'zoona ndithu. Koma alamu, amene sanaphonyepo chilembo zaka makumi awiri, anangokhala pa chitini cha penti. Ndinatseka shopu n'kuwaperekeza kuchipatala.

Dokotala wa maso anali mayi wamfupi, wolankhula mwachangu. Anawauza kuti aike chibwano pa makina aja owalitsa kakuwala kopyapyala m'diso. Alamu analimbana nazo, khosi likukana kuwerama, mpaka anachita kusendeza mpando wonse. Mayi uja anawayang'anitsitsa.

"Bambo, msana umakuvutani?"

"Adokotala, ine ndabwera ndi diso. Msanawu ndi wakalekale, ingousiyani."

"Umauma m'mawa? Mukayendayenda umapepuka?"

Alamu ananditembenukira, thupi lonse monga mwa nthawi zonse. "Alamu, mwawanong'oneza ndinu?"

Dokotala anafotokoza kuti si penti, komanso si matenda a maso opatsirana aja. Diso linatupa mkati, ndipo kutupa kotere nthawi zina kumayendera limodzi ndi nyamakazi ya msana. Anawalembera mankhwala odontheza, n'kutitumiza kukajambulitsa msana ndi kukayezetsa magazi.

Kumeneko ndiye ndinaona zachilendo. Munthu amene amakwera nyumba ya nsanjika zitatu ataluma bulashi, anatuluka thukuta ataona jakisoni.

"Mayi, diso lili kumtunda kuno, inu mukubaya pamkono?" alamu anafunsa mayi wotenga magazi.

"Magazi amayenda ponseponse, bambo, ndiye amadziwa nkhani za nyumba iliyonse. Yang'anani kukhomako."

Anadzaza timabotolo titatu. Alamu anatuluka atagwira kathonje pamkono ngati apulumuka ngozi ya basi.

Patatha milungu iwiri tinabwerera, achemwali ali nafe. Dokotala anayala mapepala patebulo. Mayeso awiri anasonyeza kuti m'thupi muli kutupa. Achitatu anapeza chizindikiro chimene munthu amabadwa nacho, chotchedwa HLA-B27.

"Imeneyo si nambala ya galimoto?" anafunsa alamu.

Dokotala anaseka. Anati ambiri odwala nyamakazi ya msana imeneyi amapezeka nacho, makamaka amene maso awo amatupanso. Koma chizindikirocho pachokha si matenda, alipo ochuluka amene ali nacho ndipo sadwala moyo wawo wonse. Kwa alamu, magazi, chithunzi cha m'chiuno, msana wouma ndi diso zinkanena chinthu chimodzi.

"Ndiye n'chakumtundu?" anafunsa alamu. "Malemu bambo anga nawonso ankayenda chonchi. Anthu ankati ndi matama. Ha, sanandisiyire munda kapena njinga, koma ichi sanaiwale."

Achemwali anapukuta m'maso ndi kansalu. Panjira anayenda atawagwira dzanja, zimene sindinazionepo chikwatirane. "Ndinkakusekani zaka zonsezi," anatero. Alamu anayankha kuti aziwasekabe, chifukwa akasiya pakhomo pazizira.

Masiku oyamba mankhwala ankadonthezedwa ola lililonse, ndipo achemwali anasanduka msilikali. Foni ikalira kukumbutsa za mankhwala, alamu ankatsika pamakwerero okha osaitanidwa. Mankhwala ena ankakulitsa kamwanadiso, moti kwa kanthawi diso limodzi linkaoneka ngati la mphaka. Mwezi usanathe nkhungu ija inayera. Chaka chotsatira vutolo linabwerera, ulendo uno kudiso lakumanja, koma anathamangira kuchipatala m'mawa womwewo ndipo linapola msanga.

Msana sunawongokenso ngati wa mnyamata, zimenezo anauzidwa poyera. Koma mapiritsi ndi mafizo zinachepetsa ululu. Tsiku lililonse tisanatsegule mashopu, alamu amayala katoni pakhonde n'kuyamba kudziwongola, kupuma mokoka, kugwira khoma, kupinda uku ndi uku. Oyamba kuwatsanzira anali mayi ogulitsa zipatso, amene mawondo amawavuta. Kenako wometa. Pano timakhalapo asanu ndi awiri, alamu ali kutsogolo kuwerenga mokweza ngati mphunzitsi.

Ine ndinalowa mochedwa, ndikudzitama kuti thupi langa lilibe vuto. Tsiku loyamba ndinawerama kuti ndigwire zala zakumapazi, manja n'kuthera m'mawondo. Alamu anandizungulira, akupukusa mapewa poti mutu supukusika.

"Alamu, wodwala pano ndani?" anafunsa. "Weramaninso. Tiyambirenso, wani!"