Kudikira Mawu Apse

Fungo la fumbi lopserera pa babu limandibwezera kwathu ku Madisi, matipate atangoyamba kumene.

Malungo anali atawagonthetsa amayi. Abambo anapita kwa wokonza mawailesi kukasankha ampulifaya yokuzira mawu a wailesi kuti amayi azimva. Yatsopano inawakulira mtengo, ndiye anatenga yakale ya timababu tagalasi, yofunika kulumikiza okha.

Atayatsa, timababu tinafiira koma kunali zii.

“Dikira itenthe,” anandiuza.

Ine ndinkayesa mawu amaphikidwa m'menemo, ndipo ndinadikira kuti apse.

Nyimbo itaphulika, amayi anaika chikhatho pa sipika.

“Mukumva, Naphiri?” anafunsa abambo.

Amayi anawayang'ana pakamwa. “Ndikumva, bambo. Mwasankha bwino.”

Ndinavina kuti mawu apsa. Abambo anatuluka panja, nakhalitsa komweko.

Ndinadzazindikira nditakula kuti amayi ankamva ndi chikhatho chokha, ndipo abambo ankadziwa.