Makina a alamu atakana kulira

Lolemba lapitali foni inandipeza ku Liwonde ndisanamwe n'tiyi yemwe. Anali achemwali anga a ku Chikweo.

"Achimwene, bwerani. Mphepo yang'amba bulugamu uja, waweramira nyumba. Ana ndawasamutsira kwa aneba."

Ndinafika masana. Mtengo unali utasweka pakati, mbali ina itatsamira pa mango wa pakhomo. Mphepo ikangowomba unkalira ngati chitseko chakale. Kumwamba nako kunali kutayamba kuda.

Alamu anga, Che Saidi, analibe nkhawa. Ali ndi tcheniso, makina ochekera mitengo amene malemu bambo awo anabwera nawo kuchokera ku Joni ine ndili mwana wasukulu. Anawasolola kunsi kwa bedi.

"Awa alamu, kukoka kamodzi basi."

Anakoka chingwe. Zii. Anakokanso. Makina anangotsokomola n'kukhala chete.

Tinamasula pulagi, yakuda bii. Tinaipala n'kuibwezera. Zii. Petulo wa m'thanki anali atafiira n'kuyamba kumata, tinamukhuthula n'kuthira watsopano wosakaniza ndi oilo. Sefa ya mpweya inangoyoyokera m'manja. Potulukira utsi mavu anali atamangapo nyumba yadothi. Tikakonza ichi, china chatulukira.

Ine manja pa makina, maso ku mtengo. Achemwali kulowa, kutuluka, kukoka matumba a chimanga, osatiyang'ana n'komwe.

"Alamu, munawaliza liti komaliza makinawa?"

"Iyayi, si kale. Chaka chimene tinakwatitsa Asiyatu."

Asiyatuyo, mwana wawo woyamba, pano ali ndi mwana woti amapita yekha kumadrasa.

Dzuwa litapendeka tinagonja. Aneba anabwera ndi nkhwangwa ndi zingwe. Tisanafike patali nthambi yaikulu inathyoka n'kuphwanya khitchini, malata n'kupindika ngati pepala. Nyumba yaikulu inapulumuka, ndipo palibe anavulala. Koma achemwali anali atangotulukamo m'khitchinimo ndi mapoto awo.

Che Saidi anayang'ana makina awo n'kunena motsitsa, "Insha Allah, sabata yamawa ndipita nawo kwa amakanika ku Ntaja."

Sindikuwaseka alamu anga. Chimene chikundisowetsa mtendere sabata yonseyi n'chakuti matendawa tili nawo tonse. Timakonda kunena kuti "tili nacho". Kukhala nacho kumatikwanira. Zoti chikugwira ntchito kapena ayi, timakazidziwira pa tsiku la tsoka.

Mjigo umayamba kulira n'kulimba pokoka, ife n'kumangotunga. Ukadzafa, misonkhano. Ngalande za pamsika zimadzaza mapepala ndi zikhokho za chimanga chilimwe chonse, tonse tikudumpha. Madzi akadzalowa m'magolosale, tifunefune wolakwa. Galimoto zingati za odwala zakhala pamiyala chifukwa cha kachitsulo kamene kanayamba kudandaula kalekale?

Ngakhale bulugamu uja sanasweke mwadzidzidzi. Achemwali akuti chiswe chinamulowa kale, ndipo ananenapo mpaka kutopa. Yankho linali lakuti makina alipo, tidzadula.

Akuluakulu anati zengerezu analinda kwawukwawu. Mwambiwu timaudziwa tonse, timauphunzitsanso ana. Kenaka timakhala pansi n'kumadikira sabata yamawa.

Mvula ija yafika tsopano, ndipo mphepo yake siyang'ana kalendala. Tulukani panja lero lomwe, muyang'ane chimene chaweramira denga lanu. Pamene chizidzagwa, m'khitchinimo mudzakhala muli ndani?