Buluku la Bwanamkubwa

A Telala anali munthu wosachedwa kupsa mtima, ndipo sabata imene ija msewu wonse unaulawa ukali wawo. Makina awo osokera ankakhala pakhonde la sitolo ya nsalu, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi kasaluni ka amayi, ndipo kulira kwa makinawo kunkaulula za mumtima mwa mwini wake. Akakhala pamtendere ankapalasa mofatsa, kwinaku akuimba mluzu. Sabata imene ija ankapalasa ngati akuthamangitsa wakuba.

Chinautsa mapiri pachigwa ndi kakalata. Kanachokera kusukulu ya mkaka kumene ankapita mwana wawo, mmodzi yekhayo, wa zaka zitatu ndi miyezi iwiri, amene aliyense ankamutchula kuti Bwanamkubwa. Madamu, mwini sukuluyo, analemba mizere itatu basi. M'kalasi ya ana a zaka zitatu salola matewera. Mwanayu akudzikodzera tsiku lililonse. Akapanda kusintha pofika Lachisanu, malo ake apatsidwa kwa wina.

"Bodza! Bodza lamkunkhuniza!" anakuwa a Telala madzulo a Lamlungu, kakalatako kali m'manja. "Mwana wanga pakhomo pano amathamangira yekha pakapoto popanda womuuza. Anasiya thewera kalekale. Ndiye mayi ameneyu akuti chiyani? Akufuna kuikapo mwana wa m'bale wake, si china ayi."

Akazi awo, amene ankagwira ntchito yochapa zovala kuhotela, ankachoka kusanache n'kubwera dzuwa litalowa, ndipo analibe mphamvu zotayira pa mikangano.

"Bambo a mwana, kukalipa sikuumitsa buluku," anatero uku akupukuta mbale. "Akamuchotsa, tikamusiya kwa achemwali. Ndalankhula nawo kale, avomera kumusunga mpaka adzayambe sukulu yeniyeni."

"Kwa alamu? Ulendo wa tsiku lathunthu pabasi? Zaka zitatu ine n'kumamuona mwana wanga pa tchuthi pokha?"

"Nanga mukhala naye kuti? Kusitolo anakuletsani."

N'zoona, anawaletsa. Tsiku lina mwanayo anagwira simbi yamoto, nalira mpaka makasitomala anabalalika, ndipo mwini sitolo ananenetsa kuti akadzamuonanso pakhondepo, makina ndi mwini wake yemwe akasake khonde lina. Choncho nkhani inali poyera: buluku louma pofika Lachisanu, apo ayi mwana akwera basi.

Kuti mumvetse chifukwa chake mwana wa zaka zitatu ankatchedwa Bwanamkubwa, muyenera kudziwa kumene bambo ake anachokera. A Telala anakula ndi kabudula mmodzi wosiyiridwa ndi achimwene awo, wamkulu kwambiri moti ankachita kumumanga ndi chingwe. Tsiku lina ali pamzere kusukulu chingwecho chinaduka, kabudula uja n'kugwera pansi pamaso pa sukulu yonse, atsikana ndi aphunzitsi omwe. Kuseka kwa tsiku limenelo sikunawachoke m'makutu. Atasiya sukulu anakaphunzira kusoka kwa nkhalamba ina yankhanza, imene inkawamasulitsa msoko wonse chifukwa cha kuphotchoka kamodzi, ndipo anapirira zaka zisanu ndi chimodzi. Anatulukako ali mmisiri woti buluku lake ukalivala limakhala m'chiuno ngati unabadwa nalo. Anatulukakonso ndi chidani chachikulu pa lasitiki.

"Lasitiki ndi ya aulesi," ankatero. "Ndi ya anthu amene sadziwa kuyeza chiuno. Ine tepi ndili nayo."

Ndiye mwana atabadwa, ha! Zidutswa zonse zabwino zotsala pa masuti a makasitomala zinkathera pa iye. Kabuluku ka mpeni wakuthwa, kamalaya ka kolala youma, kajekete, nthawi zina katayi komwe. M'chiuno munkakhala kangowe kachitsulo m'kati, mabatani awiri kunja, zipi, ndiye pamwamba pake lamba wachikopa. M'mawa uliwonse a Telala ankamuimika pampando n'kumumanga okha zonsezi, chimodzichimodzi, kenako n'kubwerera m'mbuyo kuti amuone bwino. Popita kusukulu anthu ankachita kuima n'kumuchitira sawasha. Akangobwera masana, bambo ake ankafulumira kumuvula zonse kuti asadetse, ndipo mwanayo ankasewera pakhomo ndi kamalaya kokha.

Lolemba a Telala anamumana tiyi m'mawa kuti m'mimba mukhale mouma. Masana anamupeza atavala kabudula wobwereka wa kusukulu, buluku lake lonyowa lili m'kajumbo. Lachiwiri anamukhazika pansi n'kumulangiza ngati munthu wopita kubanja, namulonjeza maswiti. Mwanayo anangogwedeza mutu, maso ali pansi. Masana, kajumbo. Wowotcherera zitsulo, amene pakamwa pake sipankatsekeka, anafuula kuchokera pakati pa nthethe zake.

"A neba, kodi Bwanamkubwa asayinanso fayilo lero?"

"Iwe samala zitsulo zako, ungawotcherere chala!"

Lachitatu kajumbo kanabweranso, ndipo mtima wa a Telala unasefukira. Atangolowa m'nyumba anamugwira mkono mwana uja.

"Ukundichitira dala eti? Kuno umatha, kumeneko n'chiyani? Ukufuna upite kwa azakhali ako? Ukufuna undisiye?"

Anamumenya. Makofi atatu kumatako, a dzanja la munthu wamkulu. Chibadwire anali asanamukhudzepo. Mwanayo sanakuwe n'komwe, anangokakhala kuseri kwa chitseko n'kumasisima chamumtima. Amayi ake atabwera anamuyang'ana mwanayo, nayang'ana bambo ake, n'kuyamba kusankha tizovala toti tidzalowe m'chikwama.

Lachinayi a Telala anamusiya mwana pageti monga mwa masiku onse, nakatsegula makina. Anasoka mkono wa jekete mozondotsa, kenako anathyola singano ziwiri. Asa! Anavundikira makina, tepi ikadali m'khosi, ulendo kusukulu kukamuuza Madamu mawu amene anakhala akuwanola sabata yonse.

Pageti anakumana ndi mayi wosesa, nakubala wamfupi wonenepa, amene ntchito yake inali kukolopa ndi kuperekeza ana kuchimbudzi.

"Ali kuti Madamu? Lero ndithana nawo!"

"Ali m'kalasi. Muthana nawo, musadandaule. Koma poyamba taimani apa, kuseri kwa mgolo wa madziwu. Ana angomaliza kumwa tiyi. Muone kaye zimene ine ndimaona."

"Ine sindinabwerere zoima kuseri kwa migolo."

"Imani, bambo! Mukuthamangira kuti?"

Anaima. Posakhalitsa chitseko cha kalasi chinatseguka, ana n'kutuluka piringupiringu. Patsogolo pa onse, kajekete kakuuluka, anali Bwanamkubwa. Anafika pachimbudzi woyamba. Woyamba, abale! Anakweza kajekete n'kukapana ndi chibwano, nayamba kulimbana ndi lamba. Anzake ankangofika, kabudula tsitsu, kumaliza, kwezu, ulendo kukasewera. Iye lamba yekhayo anamutengera nthawi. Atamasuka, anagwira batani loyamba. Tibowo ta mabatani a Telala ankatisoka tothina dala, kuti batani lisamasuke lokha pagulu. Tizala tija tinakankha, tinapotoza, batani gwa. Mwanayo anayamba kupondaponda, mawondo atagundana, mlomo atauluma. Batani loyamba linatuluka. Ali pa lachiwiri, anangoima zii. Mdima unatsika m'miyendo ya buluku lija mpaka m'nsapato. Chimbudzi chinali pomwepo, sitepe imodzi.

Sanalire. Anabwezeretsa batani lija pakabowo kake bwinobwino, namanganso lamba, n'kukaima kukhoma atafunyata manja kutsogolo.



"Tsiku lililonse ndi choncho," anatero mayi wosesa, ndipo mawu ake analibe chisoni ndi pang'ono pomwe. "Mwana ameneyu sanachedwepo. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Iyeyu amamva, amadzuka, amathamanga, koma chitsekocho inu munachikhoma ndi maloko asanu."

"Nanga inu osamuthandiza bwanji? Amakulembani ntchito yanji?"

"Ana makumi atatu, manja anga awiri. Ndikamafika kwa iye amakhala atamaliza. Ndipo ndikati ndikoke msanga, amandigwira dzanja. Amati musakoke, batani likaduka adadi akalipa."

A Telala anakumbukira. Miyezi ingapo m'mbuyomo mwanayo anadula batani posewera, ndipo iwo anamukalipira mpaka kumuuza kuti mwana wa telala sadula mabatani. Iwo anaiwala tsiku lomwelo. Mwanayo sanaiwale.

"Bwanji simunandiuze?"

"Iii, koma bambo inu! Mwezi watha pageti pompano ndinakuuzani kuti mwanayu mumusokere wa lasitiki. Munandiyankha kuti za zovala ndikaphunzitse tsache langa. Madamu nawonso anayesa, inu munawayamba za mtundu wa nsalu. Ndiye atani, alembe kalata."

Mkwiyo wonse umene anausenzera Madamu unasowa potula. Unatembenuka n'kuwagwera eni ake. Chitsiru cha munthu! Zaka zonsezi kudzitama kuti amadziwa kuyeza, chiuno anayeza, miyendo anayeza, koma tizala ta mwana wake sanatiyezepo. Anaopa kuti buluku lingadzagwe pagulu, ndiye anasoka loti silingatsike ngakhale mwini wake akulipempha. Kenako n'kumumenya mwana amene ankalolera kudzinyowetsa pamaso pa anzake pofuna kusunga batani la bambo ake. Anachita manyazi oti akanatha kulowa mumgolo muja. Sanapite kukamugwira mwanayo, poopa kuti angadziwe kuti bambo ake aona zonse. Anatuluka pageti osatsanzika.

Atafika kusitolo analowa m'kati, naima pakauntala.

"Ndipatseni lasitiki. Mamita awiri."

Mayi wogulitsa anawayang'anitsitsa. "Mwati chiyani, a Telala?"

"Mwagontha? Lasitiki!"

Wowotcherera zitsulo anamva, pajatu mawu a a Telala sankafuna chimkuzamawu. Anazimitsa makina ake n'kubwera kudzaonerera.

"Dziko latha! A neba mwalowa gulu la aulesi?"

"Choka apa usanalawe sizasi!"

Anasoka tikabudula titatu masana amenewo, akutukwana msoko uliwonse. Tinali tophweka, topanda mpeni, topanda thumba la kumbuyo, tongokwinyika m'chiuno ngati kukamwa kwa thumba la makala. Mwana wophunzira sabata imodzi akanatha kutisoka. Suti ya kasitomala wa ukwati inagona pambali, ndipo mwini wake atabwera kudzafunsa anamuuza kuti ngati wafulumira akakwatire atavala bulangeti.

Lachisanu m'mawa sanamuimike pampando. Anaika kakabudula pamphasa n'kumuuza kuti avale yekha. Mwanayo anawayang'ana mokayika, kenako analowetsa miyendo yonse iwiri mbali imodzi, nagwa, nadzuka, nayambiranso. Manja a a Telala ankayabwa moti anachita kuwakhalira. Atavala, anakoka lasitiki ija n'kuisiya, thwa! pamimba. Anatsitsa, anakweza, anatsitsanso. Chikwama cha ulendo chinali pakona, chomangamanga.

Tsiku limenelo sanasoke kalikonse. Ola lathunthu nthawi yoweruka isanakwane anali ali kale pageti, akuyendayenda, akukalipira njinga zodutsa. Belu litalira anatulukira Madamu, mayi wamtali wa magalasi, m'manja mulibe kajumbo.

"Wapita kuchimbudzi kawiri konse, yekha, popanda womuperekeza," anatero. "Lolemba abwere."

A Telala anafuna kunenapo kanthu, kaya kuthokoza kaya kupepesa, koma mawu otero sanazolowere pakamwa pawo. Ali choncho, mwana uja anatulukira akuthamanga. Kakabudula kanali katapotoka, msoko wa kumbuyo uli pantchafu, kamalaya theka m'kati theka kunja. Anafika pafupi, koma sanawakumbatire. Anaima patali pang'ono, natembenuka n'kuwalozetsa kumbuyo.

"Adadi, gwirani! N'kouma!"

A Telala anagwada pafumbi, nagwira. Kunali kouma.

"Lero simundimenya, eti?"

Anafunsa mosangalala, ngati munthu wofunsa za nyengo, ndipo Madamu ndi mayi wosesa anamva onse awiri.  

"Ayi, mwanawe," anatero a Telala, mawu atasasa. "Ngakhale kukananyowa."

Mwanayo sanamve n'komwe. Anali atayamba kale kuthamangira kunyumba, akukoka kakabudula kake ndi manja onse awiri, ndipo bambo ake anadzuka n'kumutsatira, fumbi likadali m'mawondo.