Tsiku Limene Wamtokoma Anathyola Chitseko Chathu

Ndikukumbukira nyumba yathu yoyamba ija, imene inali m'mphepete mwa njira yochokera ku boma kulowera ku Milonde. Inali ya mitengo, yophomedwa ndi dothi lofiira, denga lake lotsika moti bambo ankachita kuwerama polowa. Makolo anga anali atangobwera kumene kuchokera kwa Apwitikizi, ndipo mzungu wina wa esiteti anawapatsa kamalo komanga, iwo n'kumamugwirira thangata. Masiku amenewo tiyi anali asanadzaze dziko ngati lero. Kuseri kwa nyumba kunali nandolo ndi chinangwa, kutsogolo kunali phiri, limene m'mawa linkaoneka lapafupi ngati ungaliponye mwala.

Njira imeneyo ndi imene ankadutsa Che Bwanali, wamtokoma. Kalelo makalata ankayenda ndi miyendo ya anthu, ndipo kwathu kuno miyendoyo inali ya Che Bwanali. Anali Myao wamtali, wandevu zochepa, wovala jekete lofiira la boma ndi chisoti chofiira, koma kuphazi kopanda kanthu. Kumsana ankabereka thumba lalikulu lomatidwa ndi phula pakamwa pake, m'chiuno kathumba kachikopa ka makalata osiya m'njira, kumanja mkondo. Sankayenda, sankathamanganso, anali ndi kayendedwe kakekake ka mdidimdidi kamene ife ana tinkayeserera mpaka kugwa ndi phwete. Lamulo la ntchito yawo linali loti thumba la boma lisachoke pathupi pawo mpaka atakalipereka. Ngakhale pomwa madzi pakhonde pathu ankamwa chiimire, thumba lili kumsana.

Amayi ankawasungira chikho chawochawo, chifukwa Che Bwanali anali Msilamu ndipo ankadziwa kuti ife mbewa sitizisiya. Ankalandira madzi ndi chinangwa chootcha basi. Akamatafuna, ankatisimbira za makomo amene ankafikako. Kunali mzungu wina amene galu wake ankawazonda chaka chonse, koma tsiku lina atang'amba jekete la boma, mwini galuyo ndiye anakhala pansi kusoka. Kunali mayi wina amene ankati kalata iliyonse ndi uthenga wa maliro. Akangoona chisoti chofiira ankayamba kulira, pamene mwana wake wa ku Halale anali atangolemba zopempha mbewu ya fodya. Kunalinso nkhalamba ina imene inalandira kalata, n'kuiika pakhutu nthawi yaitali, kenako n'kuibweza, ati siyikulankhula. Amayi ankaseka mpaka kugwira nthiti, Che Bwanali n'kupukuta pakamwa, n'kuti "Sikomo," ulendo.

Koma panali chinthu chimodzi chimene amayi sankakondwa nacho. Munthuyo asanachoke ankasuzumira m'nyumba mwathu, maso ali pamoto. M'nyumbamo ndi momwe tinkaphikira, momwemonso tinkagona. Pamwamba pa mafuwa panali nsanja ya makaka ndi mbewu, ndipo denga lonse linali bii ndi mwaye wolendewera. Che Bwanali ankati mphasa ili pafupi kwambiri ndi moto, nsanja yatsikitsa, chikuni chachitalicho chidulidwe. Ankati m'maulendo awo aona mabwinja ambiri, ndipo palibe ngakhale limodzi limene mwini wake ankayembekeza. Amayi ankavomera mwaulemu, koma mlendo akangokhota pa mtengo wa mbawa ankang'ung'udza m'Chilomwe kuti mwamuna wosadziwa kugwira chipande asawaphunzitse kusonkha moto.

Chaka chimenecho mano anga akutsogolo anali atangoguluka, ndipo m'nyengo ya chiperoni ndinadwala chikuku. Amene anakulira kuno akudziwa chiperoni: kamvula kosalekeza, nkhungu yobisa phiri, kuzizira kolowa m'mafupa. Thupi langa linkatentha, maso atamatana ndi manthongo. Tsiku lina malungo atandizunguza mutu ndinatuluka ndekha, ndipo anakandipeza m'munda wa nandolo nditanyowa chee. M'mawa mwake kapitawo wa pa esiteti anabwera kudzaitana anthu kukapalira, ndipo za mwana wodwala sanafune kuzimva. Bambo anali atapita kale kokacheka matabwa kuphiri. Amayi anandigoneka pamphasa, anandifunditsa nsalu yawo, anasonkhezera moto kuti ndisazizidwe, n'kupempha mayi wa nyumba yoyandikana ndi yathu kuti azindizonda. Potuluka anamanga chitseko ndi luzi chakunja, kuopa kuti ndingatulukenso pamvula. Mayi woyandikana nayeyo anandisuzumira kamodzi, anaona ndili m'tulo, napita kudambo kukatunga madzi.

Chimene ndimakumbukira poyamba ndi kukoma. Kwa nthawi yoyamba m'masiku ambiri mapazi anga anafunda, ndipo ndinadzipinda bwino m'nsalu muja. Kenako ndinamva kuthetheka, ngati wina akukazinga chimanga pafupi ndi khutu langa. Nditatsegula maso movutikira ndinaona kuti chikuni chagubuduka pa mafuwa, m'mphepete mwa mphasa mukuyenda kamzere kofiira, ndipo moto wakwera kale mwendo wa nsanja. Makaka ankagwa amodziamodzi akuyaka. Udzu wakunja unali wonyowa, motero utsi unasowa potulukira; unatsika n'kudzaza nyumba ngati nkhungu ya kuphiri yalowa m'kati. Ndinakwawa mpaka pachitseko, ndinakankha, chinangogwedera. Ndinafuna kuitana amayi, koma pakhosi panangotuluka chifuwa.

Ndiye ndinamva mawu kunja: "Odi! Odi kuno!"

Anali Che Bwanali. Pambuyo pake anauza bambo kuti ali patali ndithu anamva fungo limene silinali la nkhuni. Utsi wa nkhuni ankaudziwa, unkawalonjera pakhomo lililonse. Uwu unali wa mphasa ndi mwaye. Ataona chitseko chomanga kunja anaganiza kuti mulibe munthu, ndipo anali pafupi kuthamangira kukaitana anthu. Chinawaimitsa ndi kachifuwa kanga.

Sanalimbane ndi mfundo ya luzi. Ndinangomva chitseko chonse chikuzuka, mphepo yozizira n'kulowa, moto n'kulilima kukwera kudenga. Chinthu chonyowa ndi cholemera chinandikuta mutu, ndipo ndinanyamulidwa. Mpaka lero fungo la jekete limenelo ndimalidziwa: mvula, thukuta ndi fumbi la njira. Nsalu ya amayi imene ndinafunda inali itagwira moto kumsonga, ndipo iwo anaizimitsa ndi dzanja lawo lamanja, kuifinya ngati akufinya chochapa. Atandikhazika pansi pa mtengo wa mbawa ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanaonepo: msana wa Che Bwanali wopanda thumba. Thumba la boma linali gone m'matope pakati pa njira, mkondo uli poteropo.

Anakuwa, anthu anabwera ndi mitsuko ndi nthambi zaziwisi, koma denga linali litapita kale. Amuna anangogwetsa udzu wa nkhokwe kuti moto usalumphireko. Amayi anauona utsiwo ali kumunda. Anataya khasu, kapitawo akuwakalipira kumbuyo, ndipo anafika akulira kale maliro, chifukwa ankadziwa mfundo imene anamanga ndi manja awo. Anadutsa pamtengo paja osandiona, akulunjika kumoto, mpaka Che Bwanali anawagwira pamkono.

"Amayi, taimani. Mwana wanu si uyu apa?"

Amayi anandiyang'ana, anandigwira kumaso, m'manja, kumapazi, ngati akuwerenga ngati ndili yense. Kenako anadzigwetsa m'matope n'kuyamba kugubuduka pamapazi a munthu uja. Che Bwanali anachita manyazi, akubwerera m'mbuyo, dzanja lotupa alipanira kukhwapa. Mayi wina anawamanga dzanjalo ndi masamba a nthochi ofewetsa pamoto. Jekete Che Bwanali anandisiyira mpaka anthu atandipezera chofunda china, ndipo pamene ankatola thumba lawo n'kuti dzuwa litapendeka, madzi atalowa m'makalata.

Tinataya mbewu yonse ya chaka chimenecho, mphasa, ndi dengu limene amayi anasenza kuchokera kwawo, limene ankalilira kuposa nyumba. Che Bwanali nawo anataya njira yawo. Akuluakulu awo anati thumba linafika mochedwa, lonyowa, ndipo lamulo ndi lamulo. Anawasamutsira ku njira ya kuchigwa, yotentha ndi ya zilombo. Bambo anapita kukawapepesera, atavala malaya obwereka, koma akuluakuluwo anangowauza kuti nkhaniyo inatha kale. Wamtokoma amene anabwera m'malo mwawo anali mnyamata waulemu ndithu, koma ankadutsa osayang'ana kumbali.

Nyumba yachiwiri bambo anaimanga ndi khitchini yakeyake, patali ndi pogona, ndipo anthu ankawaseka kuti akudziyesa mzungu. Sipanapite zaka zambiri, oseka aja anamanganso zawo. Amayi sanang'ung'udzenso za chipande. Pakhomo pathu mtsuko wamadzi sunkauma, chikuni chinkadulidwa chisanalowe m'nyumba, ndipo mwana wodwala ankapita naye kumunda kumsana, kapitawo afune asafune.

Lero zinthu zinasintha. Makalata anayamba kubwera pa njinga, kenako pa galimoto, ndipo tsopano timakawatenga tokha ku positi, kwa kalaliki wokhala kuseri kwa kawindo, amene amadziwa dzina lako koma sadziwa kumene khomo lako linaloza. Nyumba zambiri n'zamalata, moto timayatsa ndi machesi, ndipo adzukulu anga amawerenga ndi nyali ya parafini imene imandiopsa kuposa chikuni. Sindikunena kuti kale kunali bwino. Thangata sindingalilakelake, chikuku chinatenga anzanga ambiri. Koma kunali anthu oyenda pansi, odutsa pafupi ndi makomo a anzawo, omva fungo ndi chifuwa.

Che Bwanali ndinadzawaonanso kamodzi kokha. Ndinali nditakwatiwa, ndili ndi ana, pamene ndinamva pamsika wa Chitakale kuti anapuma ntchito ndipo akukhala kwa mwana wawo cha ku Milonde. Ndinagwira tambala wamoyo, kuti akazinge okha mwa chipembedzo chawo, ndinatenga ana anga onse, wamng'ono kumsana, ulendo. Tinawapeza pakhonde akuwotha dzuwa, maso atachita khungu, miyendo ija itauma ngati nsungwi. Nditadzitchula dzina sanandidziwe. Nditatchula nyumba ya pa mtengo wa mbawa anatambasula dzanja lamanja, la zala ziwiri zomatana ndi chipsera, n'kundigwira pamutu.

"Kamwana ka chikuku kaja? Unali wopepuka iwe. Ndinkayesa ndanyamula nsalu yokha."

Ndinawauza kuti sindinabwere ndekha. Ana anagwada pamzere, ndipo iwo anawasisita mitu mmodzimmodzi, akufunsa dzina la aliyense, mpaka kakhanda kamene ndinawaika pamiyendo. Anakafungatira nthawi yaitali, akugwedeza mutu, kenako anaseka ndi m'kamwa mopanda mano.

"Ha! Ndiye kuti tsiku lija ndinasenza mudzi wonsewu, ine osadziwa."